Malume Fabiyau ndi Zitosi za Akhwangwala

Sabata yatha tinali kwathu ku Zóbuè, kukumbukira kuti chatha chaka chimwalirire malume a Fabiyau. Misa inachitika, thobwa linaphikidwa, ndipo aliyense amene anaimirira kulankhula anati malemuwo anali munthu wodekha. Katekisiti anabwereza mawuwo katatu. Ine ndinangozyolika n'kumayang'ana zala za kumapazi kwanga, chifukwa ndikanadzutsa nkhope anthu akanaona kuti ndikuseka. Kudekha anali nako, sindikana. Koma ankadekhera zitosi za mbalame. Munthu sanamudekherepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Amati womwalira sitimunena. Ine ndiwanena, chifukwa ali moyo anatinena tonse mpaka kutopa. Ndine Rozina, mwana wa mlongo wawo, ndipo m'mbumba yonse ndi ine ndekha amene ndinagwira ntchito yawo mpaka kuidziwa. Ndi inenso amene banja langa linatha chifukwa cha ntchito yomweyo.

Anali otsuka magalasi a mazenera. Anayamba kalekale m'nyumba za Apwitikizi a ku mgodi wa malasha ku Moatize. Nthawi ya nkhondo tonse titathawira ku Malawi, ife tikufola pa mzere wa ufa mu kampu, iwo anakapeza masitolo a ku Limbe n'kumatsuka kumeneko. Anabwerako ndi ndowa ziwiri, makwerero athabwa, ndi matama oti akanadzaza kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu ija. Moatize ya mtendere utangobwera inali tauni ya mabowo. Mazenera ambiri anali otsekedwa ndi malata, makatoni ndi masaka. Galasi likaikidwa penapake, malume ankamva tsiku lomwelo. Ankafika osaitanidwa, n'kuima patsogolo pake manja ali kumbuyo, ngati munthu wodzaona mwana wobadwa kumene.

Anali aatali, owonda, ndipo malaya ankamanga mabatani mpaka pakhosi ngakhale m'chilimwe, dzuwa la ku Tete likuwamba anthu. Chikhadabo cha kachala kakang'ono ka dzanja lamanja ankachisunga chachitali. Chimenecho ndicho ankayesera galasi: akachiyendetsa n'kumva kuti chakodwa, ankadziwa kuti pakandika. Ife tinkakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo mu bairo ya 25 de Setembro, ndipo pakati pa nyumba ziwirizo panali waya wa nsanza zitatu, yonyowetsera, yotsukira ndi yopukutira. Nsanza ikagwa pansi kamodzi kokha inkapita pamoto, chifukwa yatola mchenga. Mwana wanga Tereza, ali ndi zaka zinayi, anapukutira manja a mango pa imodzi mwa izo. Anagona ndi mikwingwirima m'miyendo tsiku limenelo.

Pa ntchito yeniyeniyo sindingawanamizire. Fumbi ndi zala za ana aliyense akhoza kutsuka. Chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi munthu wongonyamula ndowa ndi chitosi chouma. Ku Moatize khwangwala akaipitsa galasi m'mawa, pofika masana dzuwa limakhala litachiphika chitosicho mpaka kulimba ngati simenti, ndipo fumbi la malasha ndi la makamiyau opita ku malire limakhala litamatirirapo. Mkati mwake mumakhalanso timiyala timene mbalame zimameza. Ukachipukuta chili chouma, timiyalato timalemba pagalasi, ndipo chimene chalembedwa pagalasi sichifufutika.

Malume ankayamba ndi kuthira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha. Kenaka ankaviika nsanza m'madzi ofunda a sopo ndi vinagiri pang'ono, n'kuimata pachitosipo, basi n'kutsika pa makwerero kukakhala pamthunzi. Eni nyumba ankang'ung'udza kuti mdalayu akudya nthawi. Iwo ankangofwenkha fodya wawo wamphuno. Chitosi chikafewa ankachinyamula ndi kansungwi kosemedwa ngati lilime, n'kutsukanso, n'kupukuta ndi nyuzipepala. Galasi lotentha ndi dzuwa sankaligwira. Lezala anali nalo m'thumba la malaya, koma linali lawo okha, la pagalasi lonyowa, ndipo wina aliyense akaligwiritsa ntchito ndiye kuti wadzichotsa yekha.

Ankakonda kunena kuti chitosi chili ngati mlendo woledzera amene wagona pakhomo pako: sumukoka miyendo, umamuthira madzi n'kudikira kuti adzuke yekha. Mbalame ankaidziwa pongoona chimene yasiya. Cha nkhunda ankachinyoza kuti n'chaulesi, chimangofuna madzi. Cha namzeze ankati n'chochuluka chabe koma chilibe mwano. Cha khwangwala chokha ndicho ankachipatsa ulemu, chifukwa khwangwala amadya chilichonse kuyambira pamsika mpaka kudzala. Ndinawaonapo akudikira chitosi chimodzi kuyambira tambala atasiya kulira mpaka ana akupita ku eskola, nkhope ili phee ngati munthu wopemphera kolona.

Atsike pa makwereropo, mumuone munthu wina. Mnansi wathu woweta nkhunda anakhala naye pa udani zaka zonse, malumewo akugenda khola lake ndi miyala masana dzuwa likuswa mtengo. Oyendetsa makamiyau ankawatukwana mtundu wonse chifukwa cha fumbi. Anakangana ndi padiri chifukwa chogwetsa zisa za anamzeze pakhonde la tchalitchi muli tiana, ndipo anasiya kupita ku Misa miyezi ingapo kuti padiriyo amve kuwawa. Pamaliro a anthu ankafika mochedwa, ndipo asanapepese n'komwe ankayamba kuyendera mazenera a nyumba ya siwa, akupukusa mutu. Akazi awo anawathawa tisanapite n'komwe ku Malawi, ndipo palibe anawadzudzula mayiwo.

Atakalamba, maso atachita ng'ala, anabwerera ku Zóbuè n'kumanga kanyumba ka njerwa kokhala ndi zenera limodzi lagalasi loyang'ana kunjira. M'mudzi monse linali lokhalo. Ankalitsuka m'mawa uliwonse mopapasa, n'kukhala pampando pansi pake ndi mulu wa timiyala togendera mbalame ndi ana. Anthu odutsa ankapatuka n'kudzera kumunda wa mbatatesi.

Koma ndabwera kudzanena za Lusiyano, mwamuna wanga.

Tinakwatirana mu kampu ku Malawi. Anali wa ku Kambulatsitsi, munthu wofatsa, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe, ndipo anali wamanzere chibadwire. Titabwerera, malume anamutenga kuti azigwira naye ntchito, ndipo tonse tinati Mulungu watikumbukira. Kwathu mkamwini amapatsidwa ulemu wake, apongozi samulankhula mwachipongwe. Malume ankamuitana ngati akuitana galu. Ankaseka malankhulidwe ake, mayendedwe ake, makamaka dzanja lakelo. Lusiyano ankangomeza, chifukwa tinali ndi mwana ndipo denga linali lawo.

Patatha zaka ziwiri a Isufu, wamalonda wachisilamu wa pamsewu waukulu, anaitanitsa galasi lalikulu kuchokera ku Beira loti aike kutsogolo kwa loja yawo, anthu aziona nsalu ndi njinga ali panja. Linali lalitali kuposa munthu. Linabwera litakulungidwa m'mabulangete, amuna asanu ndi mmodzi atalinyamula ngati bokosi la maliro, ndipo tauni yonse inapita kukaona. Malume sanadye bwino masiku atatu ndi chimwemwe.

Tsiku lotsegulira loja, Lusiyano anatsuka mbali ya kumsewu m'mamawa, malume ali mbali ya mkati. Atamaliza anamutuma kukatunga madzi ku mpope, komwe kunali mzere wautali. Ine ndinafika ndi khamu la anthu odzaonerera, Tereza ali kumsana, ndipo ndinapeza malume ndi a Isufu ataima duu patsogolo pa galasi. Chapamwamba, pamene pamafika nkhope ya munthu wamtali, panali mizere itatu yokandika. Dzuwa likawombapo inkawala. Lusiyano anatulukira ndi ndowa zake ziwiri osadziwa kanthu.

"Tula madziwo, bwera kuno iwe," anatero malume. "Ika chikhadabo apa. Wamva chiyani?"

"Pakandika, apongozi."

"Wakanda ndani?"

"Ine ayi. Pamene ndimachoka panali poyera bwinobwino."

Malume anapisa dzanja m'thumba la malaya a Lusiyano, anthu onse akuona, n'kutulutsa lezala. Linali lometera ndevu, ndinkalidziwa ine, ankalisunga m'kapepala ka sopo. Analikweza m'mwamba kuti a kumbuyo aone.

"Patarau, bwana wanga, onani nokha. Panali chitosi cha khwangwala apa, ndiye wa kutchireyu waona kuti kudikira n'kutaya nthawi. Ndinanena kale ine, dzanja lamanzere ndi la kuchimbudzi, si la pagalasi ayi."

Anthu anaseka. A Isufu sanakalipe. Anangoti, "Mdala, inu ndimakudziwani. Koma munthu wanuyu ndisadzamuonenso pakhonde langa." Zikanathera pamenepo bwenzi tili limodzi mpaka lero. Koma Lusiyano, amene anameza zaka ziwiri zathunthu, tsiku limenelo chinamukanika kumeza. Anati, "Apongozi, mukunama, ndipo Mulungu akukuonani."

Mawu amenewo anakafika ku Zóbuè ife tisanafike. Mkamwini kunena mwini mbumba kuti ndi wabodza, pamsewu, pamaso pa Asilamu ndi Anyungwe! Tinaitanidwa pakhomo pa amayi. Malume ndiwo anali odandaula, ndiwonso nkhoswe ya ukwati wanga, ndiwonso oweruza. Anagamula kuti Lusiyano agwade, apereke tambala, avomere pamaso pa mbumba kuti anakanda galasi. Lusiyano anati tambala apereka ngakhale awiri, kugwada agwada, koma sangavomere chimene sanachite. Atakanika, amayi anatembenukira kwa ine kuti ndinenepo.

Ndinayang'ana malume, munthu amene anatsuka magalasi ine ndisanabadwe, amene ankawotcha nsanza chifukwa cha kamchenga kamodzi. Ndinayang'ana mwamuna wanga ndi lezala lake lija. Ndinati, "Bambo a Tereza, kulakwa kulipo pa ntchito. Ingovomerani, zithe."

Lusiyano anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kuyang'ana pansi. Kutacha anapinda bulangete lake, anamugwira Tereza pamutu, n'kuuyamba wapansi wa ku Kambulatsitsi. Amayi atayamba kulira, malume anati mkamwini ndi tambala wobwereka, akabwerera kwawo khola silipasuka. Masana omwewo anakwera kamiyau kubwerera ku Moatize, chifukwa kunali mazenera a ku pensau, nyumba yogona alendo, owadikira.

Ndowa zimene anasiya Lusiyano ndinazinyamula ine, poti panalibenso kwina kolowera. Malume anandiphunzitsa ndi zitonzo, koma anandiphunzitsa zonse. Anandiphunzitsanso kuwerenga galasi lokandika, kuti mwini nyumba asadzandinamizire zimene anakanda wina. Ankati lezala limalemba mzere woongoka ngati wa lula. Mchenga wa m'nsanza umalemba mzere wopindika ngati uta, chifukwa mkono wa munthu umazungulira popukuta. Ndipo utawo umaulula dzanja: lamanja limayamba ndi mphamvu kumanzere n'kukathera mopepuka kumanja, lamanzere limachita mosemphana. Ankandiyendetsa tauni yonse akundionetsa zolakwa za anthu ena, akuseka. Loja ya a Isufu yokha ndiyo sankandilola kuyandikira ndi ndowa. Ankati limenelo ndi galasi la amisiri.

Zaka zinapita. Mgodi waukulu utatsegulidwa ku Chipanga, maofesi anamera ngati bowa, onse a magalasi okhaokha, fumbi nalo linachuluka, ndipo ntchito inandikwanira. Malume anali atapita kale ku Zóbuè. Tsiku lina mwana wa a Isufu, amene anatenga loja bambo ake atamwalira, anandiitana kuti akhwangwala amusowetsa mtendere. Galasi linali lomwe lija, sanalisinthe. Ndinathira madzi, ndinamata nsanza zanga pa zitosi, ndipo podikira kuti zifewe ndinakwera masitepe awiri a makwerero kuti ndione mizere ija pafupi. Sindinkafuna kanthu, ndinkangofuna kuona chimene chinandilanda mwamuna.

Sinali yoongoka. Inali mauta atatu, wina pamwamba pa unzake. Ndinaikapo chikhadabo. Kumanzere chinakodwa mozama, kumanja chinatsetsereka. Ndinabwereza kasanu, ndikupempha kuti ndikhale kuti ndalakwitsa. Panalibe lezala pamenepo, panalibenso dzanja lamanzere. Ndinatsika n'kukhala pakhonde, ndipo nsanza zija zinauma pagalasi ine ndili pomwepo.

Loweruka lake ndinakwera kamiyau kupita ku Zóbuè. Ndinawapeza pampando pansi pa zenera lawo, timiyala tili pambali. Sindinagwade, sindinapereke moni.

"Malume, ndatsuka galasi la a Isufu."

"Anakulola ndani?"

"Mizere ija ndi ya mchenga wa m'nsanza. Ndi ya dzanja lamanja."

Anatulutsa kabotolo ka fodya, anafwenkha mphuno iyi ndi iyi, anayetsemula, anapukuta ndevu. Ndinkadikira kuti akane, kuti ndiwakalipire. Ndinkadikira kuti alire, mwina ndikanalira nawo. Anatembenuzira kwa ine maso awo oyera aja n'kunena kuti, "Waphunzira ntchito."

Anapitiriza okha, mawu ali bwinobwino ngati akufotokoza za mvula. Anati khwangwala anaipitsa galasi alendo a patarau ali pafupi kufika, dzuwa litakwera kale, madzi atatha m'ndowa. Anatola nsanza imene inali pansi n'kupukuta kamodzi. "Kamodzi kokha, Rozina, zaka zonsezo. Ukanakhala iwe ukanatani? Mmisiri akagwa pamaso pa tauni, mbumba yonse idya chiyani? Iwe wemwe wadya za dzina langali." Kenaka analoza zenera limene linali kumbuyo kwawo ndi chikhadabo chija. Anati pakona ya kumwamba akumva ngati patsala kenakake, ndiwaonere poti maso anga ndi abwino. Ndinatembenuka n'kuuyamba wa kumsewu, ndipo sindinapondenso pakhomo pawo mpaka tsiku la maliro.

Ku Kambulatsitsi ndinapita mwezi womwewo, mbali ina pa kamiyau, mbali ina wapansi. Lusiyano ndinamupeza akufukula uvuni wa makala, mutu uli mbuu ndi imvi ndi phulusa. Anali ndi mkazi wina ndi ana akuluakulu. Mkaziyo anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, n'kutisiya. Ndinafotokoza zonse, za mauta, za chikhadabo, za mawu a malume. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusisita bondo ndi dzanja lake lamanzere.

"Ndiye mwayenda ulendo wonsewu, mayi a Tereza, kudzandiuza zimene ndinakuuzani ine?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Galasi silinandipweteke. Malume anu ndinkawadziwa kuti ndi otero. Chimene chinandichotsa pakhomo paja ndi mawu anu. Galasi mwalikhulupirira chifukwa mwaikapo chala. Ine munagona nane mphasa imodzi mu kampu, njala tikuionera limodzi."

Pochoka anandipatsa kathumba ka mtedza kuti ndikampatse Tereza, amene panthawiyo anali ndi mwana wakewake. Anandiperekeza mpaka pamphambano n'kubwerera ku makala ake.

Ndimadana nawo malume, ndipo sindinapemphe chikhululukiro kwa padiri pa chimenechi. Ndimadana nawo chifukwa cha bodza lawo, ndiponso chifukwa bodzalo linafuna pakamwa panga kuti likwanire, ine n'kupereka. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti m'mawa uliwonse ndikamata nsanza pagalasi n'kukhala pansi kudikira, ndi manja awo amene akugwira ntchito m'manja mwanga. Anthu ku Chipanga amandiyamika kuti ndine wodekha.

Sabata yathayi, anthu akubalalika, ndinadzera njira ya pakhomo pawo. Nyumba ndi yotseka, palibe wa m'mbumba anafuna kulowamo. Mpando wawo ukadali pansi pa zenera, mwendo umodzi chiswe chadya, ndipo mulu wa timiyala uja wamera udzu. Waya wa nsanza ulipo, wopanda kanthu. Anamzeze amanga zisa zinayi pansi pa denga, pamwamba penipeni pa galasi, ndipo zitosi zatsetsereka mizeremizere mpaka pathabwa. Khwangwala nayenso wasiyapo chake pakati, chouma gwa. Mkati simuonekanso.

Msuweni wanga wina amene ankayenda nane anati, "Achemwali, inu ndi a ntchito yake. Bwanji osangowapukutirako malume zenera lawoli, pa tsiku lawo ngati lino?" Anayamba kumasula kansalu ka kumutu kuti apukute yekha. Ndinamugwira dzanja asanafike pagalasi, chifukwa chouma sitipukuta, chimakanda. Anafunsa ngati akatunge madzi. Ndinati asavutike, zisiyeni zikhale, ndipo tinapitirira.